Ligi Sitha pa Tsiku Limodzi



Ambiri a ife timamvera mpira pa wailesi, ndipo dzina la Leicester City ya ku England timalidziwa cifukwa mwana wathu Patson Daka anapita kukasewera kumeneko mu 2021. Lero tiyeni tikumbukire zimene zinacitikira timu imeneyi iye asanafike.

Poyamba pa mwezi wa April mu 2015, Leicester inali pansi penipeni pa matimu 20 a mu Premier League. Anthu anali atainena kale kuti yatuluka. Koma pa masewero 9 otsiriza inapambana 7, ndipo inapulumuka. Caka cotsatira, pophunzitsidwa ndi Claudio Ranieri, timu yomweyo inatenga cikho. Pa masewero 38 inapambana 23, inafanana mphamvu ndi anzake 12, inagonja katatu cabe. Womwetsa zigoli wawo, Jamie Vardy, kale anali kugwira nchito m'fakitale uku akusewera m'matimu ang'onoang'ono.

Onani mmene ligi imayendera. Mukapambana mumalandira mapointi atatu, mukafanana mphamvu imodzi, mukagonja mulibe kanthu, koma sabata yamawa mumabweranso pabwalo. Mapointi 81 aja sanagwe tsiku limodzi. Anawatola monga timadzazira nkhokwe, dengu ndi dengu. Makolo athu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Pakati pathu alipo amene aleka kubwera ku calichi cifukwa amadziona kuti ali pansi pa onse. Wina anabwerera ku mowa atalumbira kuti waleka. Wina anakangana ndi mbale wake pa malire a munda, ndipo manyazi amutsekera m'nyumba. Ife enafe tawacotsa kale m'kaundula wa mumtima mwathu. Kodi ndani anatiuza kuti masewero awo atha? Petro anakana Ambuye katatu usiku umodzi, koma Yesu atauka anamupatsa nkhosa zake kuti aziwete.

Tisaiwalenso mbali ina. Mu 2023 Leicester yomweyo inatuluka mu Premier League. Cikho ca dzulo sicinaipatse ngakhale pointi imodzi. Paulo, pa 1 Akorinto 9, akutikumbutsa kuti ocita mpikisano amadzimana zambiri cifukwa ca mphotho yofota, pamene yathu ndi yosatha. Tsono amene tinabatizidwa kalekale tisatsamire pa mbiri yathu. Pemphero la lero, cikhululuko ca lero, kuyendera wodwala lero, ndizo zofunika.

Sabata ino, aliyense wa ife aganizire munthu mmodzi amene analeka kubwera. Tipite kwawo, tikakhale naye pakhonde, timuuze kuti malo ake akalipo.

Tipemphere. Atate wacifundo, dzutsani amene agwa, cepetsani amene adzikweza, ndipo mutipatse mphamvu yopirira kufikira cimaliziro. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.