Funsani Dzina, Mulifufuze: Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Maphunziro a Makopaletivu ku Mpanshya



Ndikudziwa kuti ndaima pa nthaka ya Asoli, choncho ndiyambe ndi kuthokoza eni nthaka pondilola kuyankhula m'Chinyanja, chimene timamvana nacho tonse mumsewu uno wa Great East, kuchokera ku Lusaka mpaka ku Chipata. Ndithokozenso amene anakonza maphunzirowa pondiitana. Mwaphunzira zambiri za foni ndi malonda, ndipo sindibwereza zimene aphunzitsi anu anena kale. Nkhani yanga ndi imodzi. Musanapereke thumba la soya, ndalama ya gulu kapena chidutswa cha malo kwa munthu wobwera m'dzina la kampani, mufunseni dzina lonse la kampaniyo, ndipo dzinalo mulifufuze.

Zimene zimachitika mukakolola mumazidziwa kuposa ine. Galimoto imapatuka pa tara, n'kuima pansi pa mtengo. Akutsika bambo wovala bwino, sikelo ili kumbuyo, m'manja muli pepala lokutidwa ndi pulasitiki, chidindo chili pakona. Mtengo wake ukuposa wa ogula ena onse. Akuti theka alipira lero, yotsalayo ibwera pa foni Lachisanu. Matumba akwera. Lachisanu lafika, nambala ija siikupezeka. Ndiye gulu likakhala pansi kufunsana kuti kodi kampani ija dzina lake ndani, wina akuti linali ndi mawu akuti Agro, wina akuti ayi, linali Trading. Pepala lija aliyense analiona, koma palibe amene analiwerenga, palibenso amene analijambula ndi foni.

Anthu athu si opusa ayi. Chimene chimatigwetsa ndi ulemu. Tinaleredwa kuti mlendo sumupanikiza ndi mafunso, ndipo munthu wodza pa galimoto timamuchitira manyazi. Koma taganizirani zimene timachita mnyamata wachilendo akafunsira mwana wathu. Ankhoswe amanyamuka kukafufuza kwawo, makolo ake, ngati sanasiye mkazi kwina, ndipo palibe amene amati kutero ndi chipongwe. Nanga soya wa chaka chathunthu, amene mudzalipirire ana zofunika kusukulu ndi kugulira feteleza, tingamupereke bwanji kwa munthu amene sitikudziwa kumene amagona? Akulu anati safunsa anadya phula.

Kale kufufuza kotere kunali kwa anthu a m'tauni. Unkayenera kukwera basi, kudutsa Chinyunyu ndi Chongwe, kukafola ku Lusaka, mwina kugona komweko. Lero mabuku ambiri a boma akupezeka pa intaneti, ndipo foni imene muli nayo m'thumbamo ikhoza kuwatsegula.

Khomo loyamba ndi PACRA, bungwe lolembetsa makampani ndi mayina a mabizinesi, limene likulu lake lili ku Longacres mu Lusaka. Kampani iliyonse ya m'Zambia iyenera kupezeka m'kaundula wake. Mukalowa pa tsamba lawo, lembani dzina monga momwe lalembedwera pa pepala la mlendoyo, chilembo ndi chilembo, chifukwa akathyali amakonda kutenga dzina la kampani yodziwika n'kusintha chilembo chimodzi. Onani ngati nambala ya m'kaundula ikufanana ndi ya pa pepala. Zina mumaziona popanda kulipira, pamene chikalata chatsatanetsatane, chosonyeza tsiku limene kampani inalembetsedwa, kumene kuli ofesi yake ndi mayina a oiyendetsa, chimafuna kandalama. Gulu limene likugulitsa matumba ochuluka lisaumire kandalama kameneko. Chikalatacho chikabwera, muchiwerenge modekha. Ngati munthu akuti akhala akugula mbewu zaka khumi koma kampani inalembetsedwa mwezi watha, mufunseni chifukwa chake. Ngati dzina lake mulibe, akuonetseni kalata yomutuma, ndipo muimbire ofesiyo pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene wakupatsani iyeyo.

Lamulo la makampani la 2017 linabweretsa chinthu china chimene ndimachiyamikira kwambiri. Limafuna kuti kampani iulule eni ake enieni, anthu amene amadya phindu, ngakhale mayina awo asaoneke kutsogolo. Nthawi zambiri amene wasayina mapepala ndi wantchito chabe, mwini wake ali kwina. Pa nkhani za malo ndi migodi, funso lakuti mwini weniweni ndani si lolumpha.

Tsopano mundimvetsetse bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri agwera, ophunzira omwe. Satifiketi ya PACRA imangonena kuti kampaniyo ilipo. Siinena kuti ndi yokhulupirika, siinenanso kuti ili ndi chilolezo chochita chimene ikuchitacho. Wakuba naye akhoza kulembetsa kampani. Ntchito iliyonse ili ndi woiyang'anira wake, ndipo chilolezo chimachokera kwa iyeyo. Amene akufuna kusunga ndalama zanu, kukulonjezani kuti zibereka, ayenera kupezeka pa mndandanda wa Bank of Zambia, umene uli pa tsamba lawo, wa mabanki ndi mabungwe a ngongole ovomerezeka. Wogulitsa masheya amayang'aniridwa ndi Securities and Exchange Commission, wa inshuwalansi ndi Pensions and Insurance Authority. Ena a inu mukukumbukira za Heritage Coin Resources mu 2018, pamene anthu ambiri ku Lusaka anaponya ndalama zawo atalonjezedwa phindu lalikulu m'kanthawi kochepa, mpaka a Drug Enforcement Commission analowererapo. Ambiri mwa anthuwo anali a pantchito, odziwa kuwerenga. Anaona ofesi, anaona mapepala, koma sanafunse za chilolezo cha ntchito ya ndalama. Chilimba chanu cha pamudzi, cha anthu odziwana, ndi nkhani ina. Ine ndikunena za mlendo amene akufuna kuti ndalama za gulu lanu zichoke m'mudzi kupita kwa iye.

Ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya migodi, popeza ikutikhudza ife a Rufunsa kuposa maboma ambiri. M'mapiri athu muli golide, ndipo zimenezi zamveka kutali. Kukubwera anthu ndi mapepala, kunena kuti phiri lakuti ndi lawo, dambo lakuti ndi lawo. Amfumu ndi nduna, boma lili ndi mapu a pa intaneti otchedwa Mining Cadastre. Pa mapuwo dziko lonse laikidwa m'zigawo, ndipo mukakhudza chigawo mumaona nambala ya laisensi, dzina la mwini wake, mtundu wa laisensiyo ndi nthawi imene idzathe. Wachinyamata mmodzi wodziwa foni akhoza kupeza Mpanshya pa mapuwo, inu muli pambali pake. Muonetsetse mtundu wa laisensi, pakuti yofufuzira miyala ndi yosiyana ndi yokumbira, ndipo munthu wa laisensi yofufuzira sayenera kuyamba kutulutsa miyala ndi mathiraki. Muonenso ngati malo amene akulozawo ali mkati mwa malire a laisensi yake. Lamulo la migodi la 2015 linanena momveka kuti pa malo a mudzi ndi pa nthaka ya mafumu, mwini laisensi ayenera kupeza chilolezo cholembedwa cha mfumu ndi cha khonsolo. Mphamvu imeneyi ndi yaikulu, ndipo zimandipweteka ndikamva kuti yaperekedwa madzulo amodzi, munthu asanadziwe n'komwe kuti akusayinira ndani. Ndalama ya soya ikatayika mudzalimanso chaka chamawa. Mtsinje ukaipitsidwa ndi mankhwala otsukira golide, adzamwa madziwo ndi adzukulu anu.

Zina ndingodutsamo mwachangu. Chiyambire 2022, pamene ndalama ya chitukuko ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, makontrakitala achuluka kuposa kale lonse. A makomiti a chitukuko m'mawodi, kontrakitala womanga kalasi kapena nyumba ya azamba ayenera kukhala wolembetsedwa ku National Council for Construction, ndipo giredi yake, kuyambira 1 mpaka 6, imasonyeza kukula kwa ntchito imene angaikwanitse. Mbewu yabwino imatsimikizidwa ndi Seed Control and Certification Institute ya ku Chilanga. Sikelo ya wogula iyenera kukhala yoyesedwa ndi Zambia Metrology Agency. Ndipo makolo, pano tili ndi koleji ya anamwino ya St Luke's imene tonse timaidziwa, koma mwana akakuuzani za koleji ina ya kutali imene waiona pa foni, fufuzani ku Higher Education Authority kapena ku TEVETA musanagulitse mbuzi.

Achinyamata, mawu awa ndi anu. Facebook si kaundula. Gulu la pa WhatsApp si kaundula. Tsamba lokongola, la zithunzi za mathirakitala ndi anthu akumwetulira, munthu akhoza kulipanga usiku umodzi. Google imathandiza, makamaka mukalemba dzina la kampani pamodzi ndi mawu onga court kapena scam kuti muone ngati inalembedwapo m'nyuzipepala, koma chimene chatuluka pamwamba si ndiye choona. Ngakhale mapulogalamu atsopano aja oyankha mafunso amatha kupeka yankho molimba mtima. Pitani kumene nkhaniyo inachokera. Kampani yaikulu ngati Zambeef, Zambia Sugar kapena ZCCM-IH ili pa msika wa masheya wa Lusaka Securities Exchange, ndipo imasindikiza malipoti ake chaka ndi chaka kuti aliyense awerenge. Kampani ya ku South Africa imafufuzidwa ku CIPC, ya ku Britain ku Companies House, kumene kuona zambiri n'kwaulere. Ndipo pali kufufuza kwina kosafuna ngakhale bandulo. Potumiza ndalama pa MTN, Airtel kapena Zamtel, foni imakuonetsani dzina la wolandira. Ngati mwauzidwa kuti mukulipira kampani koma patuluka dzina la munthu wamba amene simunamumvepo, imani pomwepo.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonsezi n'zophweka. Pali midzi m'boma lino kumene munthu amakwera chulu kuti apeze netiweki. Bandulo ndi ndalama. Masamba onsewa ali m'Chingerezi, Chingerezi chake cha maloya, pamene amene amalima kwambiri ndi amayi amene ambiri sanapatsidwe mwayi wopita patali ndi sukulu. Nkhaniyi ndikuitula kwa akuluakulu a boma muli pano. Rufunsa inapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata kuti ntchito za boma zifike pafupi ndi anthu. Tsono pakhale tebulo limodzi ku khonsolo, ndi lina kuno ku Mpanshya, pamene mlimi angafike ndi dzina la kampani n'kuthandizidwa kulifufuza m'chiyankhulo chake. Zofunika ndi kompyuta imodzi, intaneti ndi munthu woleza mtima. Alangizi a zaulimi nawonso aphunzitsidwe zimenezi, chifukwa ndiwo amafika kumene ife sitifika.

Mabuku a boma aja alinso ndi malire ake. Akhoza kuchedwa kukonzedwa, ndipo kampani ya mapepala abwino ikhoza kukuberanibe. N'chifukwa chake foni isalowe m'malo mwa kufunsa anthu. Wogula akanena kuti chaka chatha anagula ku Nyimba kapena ku Luangwa, imbirani kopaletivu ya kumeneko mumve ngati analipira. Pangano lilembedwe, pakhale dzina la kampani, nambala yake, nambala ya galimoto, kulemera kwa katundu ndi tsiku lolipira, mboni zisayine. Wogula woona sakwiya ndi zimenezi, amakondwera kuti wapeza anthu a dongosolo.

Pomaliza, kumbukirani kuti nanunso mukufufuzidwa. Kampani ya ku Lusaka yofuna uchi, nyemba kapena mbuzi zochuluka imayamba yafunsa ngati gulu lanu lilipodi. Kodi kopaletivu yanu inalembetsedwa, ndipo mapepala ake ndi a chaka chino? Muli ndi nambala ya msonkho, TPIN, ya ku ZRA? Muli ndi akaunti ya ku banki m'dzina la gulu, osati la wapampando? Amene muli ndi makampani ang'onoang'ono, kodi mumapereka malipoti a pachaka ku PACRA? Ma tender a boma amalengezedwa pa makina a e-GP a Zambia Public Procurement Authority, ndipo amene sanalembetse kumeneko sangapikisane nawo. Ndimamva chisoni ntchito yopereka chakudya kapena njerwa m'boma lathu lino ikapita kwa munthu wa kutali chifukwa choti ife eni dera mapepala athu sali m'malo.

Pempho langa kwa gulu lililonse limene laphunzira pano ndi lakuti pa msonkhano wanu wotsatira musankhe anthu awiri, mayi mmodzi ndi wachinyamata mmodzi, oti ntchito yawo ikhale kufufuza aliyense wofuna kuchita nanu malonda, ndipo muike m'malamulo a gulu kuti katundu satuluka awiriwa asanapereke yankho. Bandulo yawo ichokere m'thumba la gulu.

Ndi mawu amenewa, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa. Wotsogolera mwambo, itanani mayina kuti tipereke masatifiketi.