Mwana Wotsala Yekha Madzi Akasefukira

 Masiku onse timakamba za mbewu, mizere ndi manyowa. Lero tikamba za ana, pakuti mvula yayandikira, ndipo madzi akalusa sakokolola chimanga chokha ayi.

Mukumbukira mwezi wa March chaka cha 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwa m'Chigawo cha Kummwera. Matope anatsika phiri la Soche nakwirira nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu mapiri anagumuka, ndipo ku Nsanje ndi Chikwawa midzi inamira. Anthu oposa 1,000 anatisiya, ndipo oposa 500,000 anathawa m'nyumba zawo nakakhala m'misasa, ambiri m'masukulu ndi m'matchalitchi. Nthawi zotere banja limathawa mumdima, wina uku wina uko, ndipo kukacha pamsasa pamapezeka ana opanda wamkulu wowadziwa.

M'boma lililonse muli ofesi ya Social Welfare, imene ili ndi alangizi oteteza ana oyendera midzi. Anthu ambiri amawasokoneza ndi ogawa ufa, koma ntchito yawo ndi ina. Wogawa ufa akapereka thumba nalembetsa chala, wathana nanu. Mlangizi wa ana akapeza mwana wovutika amamutsegulira fayilo yakeyake, nafufuza chimene chamugwera, nakonza chochita, ndipo amabweranso kawirikawiri kufikira mwanayo atakhazikika. Ife a zaulimi timadziwa kuti kupereka mbewu nkosavuta. Chovuta ndi kubwerera kumunda komweko pa nthawi yopalira ndi yobandira. Tsono alangizi amenewa ndi ochepa, dera lawo ndi lalikulu, ndipo milatho ikakokoloka njinga yawo siwoloka. Masiku oyamba, maso a Boma ndinu mafumu.

Nanga mukapeza mwana wotere muchitenji? Musafulumire kumusuntha. Makolo akapulumuka amayamba kufunafuna pafupi ndi pamene anasiyanirana, chotero mwana amene wakwezedwa pagalimoto kupita kutali, ngakhale ndi mtima wabwino, amavuta kumupeza. Lembani tsiku, malo amene wapezeka, ndi dzina la amene wabwera naye. Ngati ndi wamng'ono, musataye zovala zake ngakhale zili zamatope, kapena mkanda wa m'chiuno mwake. Mwana wa zaka 2 kapena 3 sadziwa dzina la amake. Kwa iye ndi "amayi" basi. Kamalaya kameneko ndiko kangadzazindikiritse agogo ake. Wokulirapo mumufunse mofatsa, atadya kale: dzina la mfumu ya kwawo, mtsinje umene amatungako madzi, sukulu, tchalitchi kapena mzikiti, ngakhale chigayo chimene amapitako. Zinthu zazing'ono zotere ndizo zimathandiza mlangizi ndi a Red Cross kulondola kwawo kwa mwana.

Pano ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri timapunthwa. Pamsasa pafika munthu wovala bwino nati, "Mwanayu ndi wa mchemwali wanga, ndabwera kudzamutenga." Anthu atopa, chakudya nchochepa, ndipo aliyense akondwa kuti pakamwa pamodzi pachoka. Mafumu anga, musalole kufikira mlangizi atatsimikiza. Iye adzafunsa mlendoyo dzina la mwana, chipsera chimene ali nacho, ndi mayina a abale ake. Adzafunsanso kwa mfumu ya kumudzi kwawo, ndipo adzafunsa mwanayo payekha ngati akumudziwa munthuyo ndi ngati afuna kupita naye. Mbale weniweni sakwiya ndi mafunso otere. Wokwiya ndi wofulumira ndiye woyenera kumukayikira, pakuti alipo anthu amene amayendera misasa kufuna ana okaweta ng'ombe, okagwira ntchito m'minda ya fodya, kapena atsikana okagwira ntchito za m'nyumba m'tauni. Kuyambira 1 mwana mpaka gulu, lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limatcha zimenezi mlandu waukulu.

Makolo akapanda kupezeka, mlangizi sathamangira kunyumba zosungirako ana amasiye. Amayamba wafuna mwini mbumba, azakhali kapena agogo, ndipo akasowa, banja lina lodalirika la m'mudzi momwemo. Ana a mimba imodzi sawagawa ngati nkhuku, uyu kwa amalume uyu kwa azakhali, pokhapokha palibiretu njira ina. Nyumba ya ana amasiye ndi pothera, chifukwa mwana wokulira kumeneko amadzabwera ali mlendo pamudzi pake, wosadziwa malire a munda wa amake.

Za munda zimenezi ndi zanu mafumu, palibe mlangizi angazithe. Makolo akafa ndi madzi, munda, dimba ndi mbuzi zotsala ndi za ana. Wachibale amene walandira anawo angalime mundawo kuti awadyetse, koma pakhale mboni zodziwa kuti akungosungira. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa ana ndi amayi ofedwa. Kumbukiraninso polemba mayina a olandira thandizo. Kaundula amalembedwa potsata mitu ya mabanja, ndiye mtsikana wa zaka 15 amene akulera azing'ono ake atatu amadumphidwa, chifukwa saoneka ngati mwini khomo ndiponso amaopa kuyankhula pamaso pa akulu. Nyakwawa yabwino imamutchula yokha.

Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mawuwo ndi oona, koma si khomo lililonse limawasunga njala ikafika. Nchifukwa chake mlangizi amabweranso patapita sabata, patapita mwezi. Safika kudzazonda banja. Amafuna kuona ngati mwanayo akudya mbale imodzi ndi anzake, ngati ali ndi chofunda, ngati akupita kusukulu kapena ndiye wasanduka wotunga madzi ndi wolondera anyani kumunda anzake ali m'kalasi. Akaona kuti banjalo lili ndi mtima koma lilibe chakudya, amalilumikiza ndi thandizo, monga la Mtukula Pakhomo kumene kungatheke, m'malo molanda mwanayo. Achikumbe oyandikana nawo, inu mumaona zambiri kuposa mlendo wa tsiku limodzi. Muuzeni zoona.

Tsono pali nkhani zina zolemera. M'misasa anthu amagona mothithikana, zimbudzi zili kutali ndi kwamdima, ndipo ena amanyengerera atsikana ndi sopo kapena ufa. Mwana akagwiriridwa, nkhaniyo si ya pabwalo la mfumu. Musaitane mudzi, musamuimike pakati pa anthu kuti afotokoze, ndipo musalandire mbuzi ya chindapusa kuti nkhani ithe. Mbuzi idyedwa ndi akulu, mwana natsala ndi matenda ndi manyazi, wolakwayo nakhala pomwepo kudikira wina. Mwanayo apite kuchipatala msanga, maola 72 asanathe, ndiwo masiku 3, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi. Nkhani ipite kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, ndi kwa mlangizi. Amene ali ndi lamya aimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ndipo fayilo ya mwana ndi chinsinsi. Mlangizi akakana kukuuzani zonse zimene mwana wanena, si mwano ayi, ndi lamulo la ntchito yake. Mtsikana amene nkhani yake yamveka pachitsime savomeranso kuyankhula.

Chimodzimodzi ukwati. Nkhokwe ikapita ndi madzi, makolo ena amaganiza zokwatitsa mwana kuti m'nyumba mupepuke. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ngakhale makolo atavomera ukwatiwo. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, mayi Theresa, inathetsa maukwati a ana mazanamazana nichotsa pampando nyakwawa zimene zinkawaloleza. Mphamvu imeneyi si ya ku Dedza kokha.

Fayilo imatsekedwa pamene mlangizi, banja ndi mwanayo agwirizana kuti choopsa chatha. Banja likasamukira boma lina, fayilo imatumizidwa ku ofesi ya kumeneko, chotero mfumu ikamva za msamuko idziwitse mlangizi lisanafike tsiku lonyamuka.

Mvula isanagwe, nyakwawa iliyonse ikhale pansi ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, nilembe m'buku mayina ndi zaka za ana a khomo lililonse, osati akulu okha. Bukulo, pamodzi ndi ziphaso za kubadwa ndi mabuku a kusikelo, zikulungidwe m'pepala la pulasitiki ndi kuikidwa pamwamba. Ndipo makolo, phunzitsani ana aang'ono kutchula dzina la bambo, la mayi ndi la mfumu yawo.