KODI MANKHWALA OTHIRA M'MAFUTA A LOLE ALI NDI PHINDU?

Mau kwa alimi ndi makopaletivu amene ali ndi malole a dizilo

Cimanga cikalowa m'matumba, ndi pamene lole ya mlimi iyamba nchito yace yaikulu ya caka. Kuyambira mwezi wa June kufikira mvula yoyamba, malole a ku Lundazi, Chadiza, Katete ndi Petauke sapuma. Lero anyamula cimanga kupita naco ku misika ya Food Reserve Agency, mawa nshawa ndi soya, mkuja thonje, ndipo pobwerera asenza feteleza. Lole ikafa mwezi wa August, cotayika si ndalama za makanika zokha ai. Matumba a anthu a mudzi wonse akhala pambali pa mseu kudikira, koma ngongole imene mwini wace anagulira loleyo siidikira konse.

Cifukwa ca mantha amenewa, eni malole ambiri akalowa m'sitolo ya zitsulo za galimoto maso ao agwa pa timabotolo tokongola toikidwa pafupi ndi polipirira. Kena kalonjeza kucepetsa dizilo amene lole ikumwa, kena kuletsa utsi, kena kufewetsa magiya, ndipo kena kanena kuti injini yokalamba idzabwerera ku unyamata. Tsono funso limene alimi afunsa kawirikawiri ndi lakuti, kodi ndalama zogulira mankhwala amenewa zibwerera? Yankho lace ndi ili: m'lole yosamalidwa bwino, imene ikumwa dizilo woyera ndi oilo woyenera, ambiri mwa mankhwalawa alibe nchito. Ena aononga ndithu. Owerengeka okha athandiza, ndipo athandiza pokhapo nthenda yace itadziwika bwino.

Coyamba kucizindikira ndi cakuti oilo wa m'cigubu cotsekedwa ku fakitale sali mafuta wamba. Opanga anathiramo kale mankhwala, ndipo m'oilo wa injini za dizilo mankhwalawo afika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Alimo otsuka, alimo ogwira mwaye kuti usaundane, alimo oteteza zitsulo pamene zipekesana, alimo oletsa thobvu ndi dzimbiri, ndiponso ena ocititsa kuti oilo asasanduke ngati madzi akatentha. Onsewa anathiridwa pa muyeso, monga momwe mai wodziwa kuphika ayesera mcere ndi cidulo m'ndiwo. Munthu wobwera pambuyo nathira mcere wina m'ndiwo zopsa kale sakonza kanthu. Comweco botolo logula padera likhoza kusokoneza muyeso uja, pakuti mankhwala ena alimbana okha okha pa citsulo cimodzi.

Cimene mwini lole ayenera kuwerenga ndi malemba a pa cigubu. Manambala onga 15W-40 anena za kulemera kwa oilo pozizira ndi potentha. Malemba oyamba ndi API, onga CH-4, CI-4 kapena CK-4, anena mayeso amene oiloyo anapambana. CI-4 anayamba m'caka ca 2002 ndipo CK-4 m'caka ca 2016. Buku la galimoto linena mtundu umene injiniyo ifuna. Oilo amene ali ndi malemba amenewo, wogulidwa kwa wogulitsa wodziwika, safunanso comuthandiza.

Pali mankhwala ena olemera ngati uci, ndipo ndiwo okondedwa koposa, cifukwa zotsatira zace zioneka tsiku lomwelo. Utsi wobiriwira ucepa, phokoso la injini litsika, ndipo nyale ya oilo imene inali kuphethira ileka. Mwini akondwera nati lole yacira. Koma malingi amene anatha ali cithere, mabelingi amene anadyeka ali cidyekere. Uci uja wangotseka mipata kwa kanthawi. Coipa cace ndi cakuti m'mawa wozizira wa July oilo wolemera cotero acedwa kukwera kumutu kwa injini, ndipo nthawi yomweyo yoliza ndiyo imene zitsulo zidyana kwambiri. Mlimi amene lole yace yayamba kumwa oilo pakati pa nyengo yogulitsa akhoza kudzithandiza nao masabata owerengeka, malinga adziwe kuti akungocedwetsa ulendo wa kwa makanika, ndi kuti mtengo wace ukukwera pamene iye akucedwa.

Apa pali cenjezo kwa iwo amene afuna kugula Canter, Dyna kapena lole ina imene inagwira kale nchito. Wogulitsa wosakhulupirika adziwa bwino nchito ya uci umenewu. Wogula afike m'mawa injini isanalizidwe, asolole kamtengo koyesera oilo, ndi kugwira oiloyo ndi zala ziwiri. Akaona kuti anyunduka ngati therere, akumbukire mau a akulu aja akuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndiponso si zonse zolembedwa pa botolo zimene zinayesedwa. Ku America, m'caka ca 1997, bungwe la boma loyang'anira malonda lochedwa Federal Trade Commission linaletsa eni mankhwala ochedwa Slick 50 kulengeza zinthu zimene sanathe kuzitsimikiza. Mankhwalawo anali ndi ufa wa pulasitiki wa mtundu umene amata m'mapoto kuti cakudya cisakangamire, ndipo analengezedwa kuti acepetsa kwambiri kudyeka kwa injini. Umboni wokwana sunapezeke. Ngati zinatero m'dziko limene malonda ayang'aniridwa kolimba, botolo losadziwika kumene lacokera liyenera kukayikiridwa koposa.

Za mankhwala otsukira m'kati mwa injini, mau ndi ocepa. M'injini yakale imene sinasinthidwe oilo pa nthawi yace, iwo agumula zinyalala zambiri nthawi imodzi, ndipo zinyalalazo zikhoza kutseka kasefa ka pampu ya oilo. Kusintha oilo ndi sefa kawiri motsatizana msanga kutsuka mofatsa ndi mopanda ngozi.

Giyabokosi ili ndi khalidwe limene ambiri salidziwa. M'kati mwace muli timalingi ta mkuwa timene nchito yace ndi kugwira giya ndi kuilinganiza liwiro isanalowe. Timalingi timeneti tifuna kugwira, osati kuterereka. Tsono munthu akathiramo mankhwala oterera kwambiri, timalingi tilephera nchito, ndipo magiya ayamba kukukuta mano polowa, makamaka potsitsa giya pa mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, pamene lole yolemedwa ifuna giya yace msanga. Cofunika ndi mtundu woyenera wa oilo. Magiyabokosi ambiri a malole ang'ono afuna GL-4, ena afuna oilo wa injini, pamene difu ya kumbuyo ifuna GL-5. Ndipo GL-5 wina adya mkuwa akathiridwa m'giyabokosi imene sinapangidwire iye. Giyabokosi yosintha yokha ndiyo yosafuna konse zosakaniza. Mankhwala oletsa kudontha angotupitsa mphira wokalamba; mphira watsopano ndi wochipa kupambana giyabokosi imene yauma pa mseu.

Kunena za dizilo, nkhani isiyana pang'ono, pakuti dizilo wa masiku ano sali monga wa kale. Paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inatsegulidwa m'caka ca 1968, ndipo kwa zaka zambiri inali kubweretsa mafuta okayengedwa ku Indeni. Kuyambira m'caka ca 2023 ibweretsa dizilo woyengedwa kale wa sulufule wocepa. Kucotsa sulufule ndi kwabwino kwa injini ndi kwa mapapu a anthu, koma njira yocotsera icepetsanso kuterera kwa dizilo, ndipo pampu ndi mainjekita adalira dizilo yemweyo kuti asadyeke. Ogulitsa mabotolo anena zoona pamenepa. Cimene sanena ndi cakuti oyenga mafuta athiramo kale mankhwala obwezera kutererako dizilo asanafike pa filing'i sitesheni, kuti akwane muyeso wa malamulo. Bungwe la Energy Regulation Board ndilo lipereka cilolezo kwa ogulitsa mafuta ndi kuyesa mafuta ao.

Ngozi yeniyeni ili m'dizilo wa m'zigubu wogulidwa pambali pa mseu, amene kawirikawiri asakanizidwa ndi palafini kapena ali ndi madzi. Palafini ndi wouma, alibe kuterera kokwana, ndipo pampu ikamwa iye idyeka mosaoneka kufikira tsiku limene ileka. Injini zatsopano zimene zifinya dizilo ndi mphamvu yoposa mabaa 1,500 sizikhululuka konse, ndipo mainjekita ace ndi a mtengo woopsa. Palibe botolo limene lisandutsa dizilo wotere kukhala wabwino.

Mdani wamkulu wa alimi amene asunga dizilo pa famu ndi madzi. Mgolo wosadzaza upuma: usana mpweya uturuka, usiku mpweya wa cinyezi ulowa, ndipo mame acita m'kati mwa citsulo ndi kutsikira pansi, pakuti madzi alemera kupambana dizilo. Pamalire pa madzi ndi dizilo pamera tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tipanga matope akuda onanda. Cizindikiro cace ndi sefa imene itsekeka patapita masiku ocepa cisinthire, ndi lole imene itha mphamvu pa citunda. Pamenepa ndi pamene botolo lili ndi phindu lenileni: mankhwala ophera tizirombo ta m'dizilo agwira nchito ndithu. Koma athiridwe madzi atakhetsedwa ndi thanki itatsukidwa, ndipo mwini akhale ndi sefa yapadera, cifukwa tizirombo takufa titseka sefa monga tamoyo. Madzi akasiyidwa momwemo, tidzameranso.

Kupewa kwace sikulira ndalama. Mgolo ukhale pa mthunzi, wogonekedwa mopendekeka kotero kuti mpopi uli kumtunda ndipo madzi ndi zinyalala zitsikira kumbali ina. Ukangofika kumene usiyidwe tsiku lathunthu usanatungidwe. Zotengera zopakidwa zinki, zonga ndowa zonyezimira zotungira madzi, zisasungire dizilo, pakuti zinki asungunukira m'dizilo nakaundana m'mainjekita. Thanki ya lole idzazidwe madzulo pobwera ku nchito, kuti mame asapeze malo. Ndipo pansi pa sefa ya dizilo pali kakapu kogwira madzi, kali ndi kampopi kace. Dalaivala amene akatsegula kamodzi pa sabata wacita zoposa botolo liri lonse la m'sitolo.

Mankhwala otsuka mainjekita nao akhoza kuthandiza injini imene yayamba kugwedezeka ndi kufuka utsi wakuda cifukwa ca mwaye wa pa milomo ya mainjekita, ndipo kuyesa kamodzi sikulakwa. Utsi ukapitirira, ayang'ane sefa ya mpweya, imene m'fumbi la September itsekeka msanga, kenaka apite nao mainjekita kwa oyesa. Koma mankhwala oletsa dizilo kuundana anapangidwira maiko a cisanu coopsa, kumene phula la m'dizilo ligwirana ndi kutseka sefa. Mphepo ya ku Chipata siifika pamenepo, ndipo kugula amenewo ndi kugulira ng'ombe bulangete.

Malole ena atsopano ali ndi kathanki kaciwiri ka civundikiro ca buluu, kolembedwa AdBlue. Amenewo si mankhwala othira m'dizilo. Ndi madzi oyera kwambiri osakaniza ndi yuriya, magawo 32.5 pa 100, ndipo apoperedwa m'paipi ya utsi kuti utsiwo usaipitse mpweya. Akalowa m'thanki ya dizilo aononga pampu ndi mainjekita, kotero injini isalizidwe konse kufikira thanki itakhetsedwa. Ndipo popeza mlimi ali yense ali ndi thumba la yuriya m'nyumba, kuyenera kunenedwa poyera kuti feteleza wa m'munda wosungunula m'madzi a pa citsime sangalowe m'malo mwace. Ali ndi zosakaniza zimene zitseka zipangizozo.

Latsala lonjezo limene likopa anthu koposa onse, lakuti lole idzamwa dizilo wocepa. Ambiri alumbira kuti anaona kusintha, ndipo sanama dala. Munthu amene walipira botolo ayendetsa mofatsa sabata imeneyo, amvetsera injini, aonanso mpweya wa m'matayala, ndipo zimenezi pazokha zipulumutsa dizilo. Komanso ulendo wa ku Lusaka ndi matumba 60 sulingana ndi ulendo wa matumba 40, ngakhale mseu ndi womwewo. Kopaletivu imene ifuna kudziwa zoona igule kabuku. Thanki idzazidwe kufika pakamwa, makilomita alembedwe, katundu alembedwe, ndi malita othiridwa pobwera alembedwenso. Acite cotero maulendo khumi popanda mankhwala, ndi maulendo ena khumi ndi mankhwala, pa mseu umodzi ndi dalaivala mmodzi, ndipo ngati nkotheka dalaivalayo asauzidwe tsiku limene botolo lathiridwa. Pomaliza mlembi wa kopaletivu awerengere mtengo wa mabotolo onse pamodzi ndi wa dizilo, ndi kuwerenga manambalawo pamaso pa mamembala pa msonkhano wao wotsatira.