Mukafika ku Zimbabwe funsani: dola yake iti?

Ndapemphedwa kuti ndinenepo za ndalama za ku Zimbabwe ndi m'mene mlendo angachitire nazo, poti ambiri mwa inu mumayenda msewu umenewu: kutuluka pa Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa pa Nyamapanda, kenaka Harare mpaka Beitbridge polowera ku Joni. Ena mwa inu simungodutsa ayi. Munakhalako zaka zambiri, ena m'migodi, ena m'mafamu a fodya, ena pothawa ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo ana anu ndi manda a makolo anu ali komweko.

Taonani kapepala kali m'manja mwangaka. Iyi ndi ndalama ya madola 100 thililiyoni yomwe banki yaikulu ya Zimbabwe inatulutsa mu Januwale 2009. Patsogolo pali 1, pambuyo pake maziro 14. Mu 2015, pomwe boma linaitanitsa ndalama zakalezi kuti lizithetseretu, kapepala kameneka ankakasintha ndi masenti 40 a ku Amereka. Masenti 40 basi, amayi ndi abambo.

Komatu sizinayambe chonchi. Pomwe dzikolo linalandira ufulu mu 1980, dola yake inali yamphamvu kuposa ya ku Amereka, ndipo machona ankabwera kumudzi ndi njinga, mabulangete ndi wailesi. Zinthu zinapendekeka pa 14 Novembala 1997, pomwe dolayo inagwa kwambiri tsiku limodzi, boma la a Robert Mugabe litalonjeza kupereka madola 50,000 kwa aliyense yemwe anamenya nkhondo ya ufulu, ndalama zomwe m'bajeti munalibe. Mu 1998 asilikali anatumizidwa ku nkhondo ya ku Congo. Mu 2000 kunayamba kulanda mafamu, ndipo mwa antchito omwe anangozindikira ali pamsewu munali abale athu ambiri. Thumba la boma litauma, anayamba kungosindikiza ndalama. Maziro atachuluka anawadula: atatu mu 2006, khumi mu 2008, ena 12 mu 2009. Onse pamodzi 25. Munthu yemwe anasunga penshoni yake m'banki kwa zaka 30 anapeza kuti siingagule ndi buledi yemwe. Ndikudziwa kuti muno muli ena omwe zinawaonekera, sindikunena nthano.

Mu 2009 anasiya ndalama yawo n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku Amereka ndi randi. Mu Novembala 2016 anatulutsa mapepala otchedwa bond note, nauza anthu kuti imodzi ikufanana ndi dola imodzi ya ku Amereka. Pamsika sizinatero. Mu 2019 inabwera ina yotchedwa RTGS dollar, ndipo chaka chomwecho analetsa ndalama zakunja, koma mu 2020 anazilolanso. Mu Epulo 2024 anakhazikitsa ZiG, yomwe akuti yatsamira pa golide. Inayamba pa 13.56 pa dola imodzi ya ku Amereka, koma mu Sepitembala chaka chomwecho banki yaikulu inaigwetsa mpaka kupitirira 24.

Mbiri yonseyi ndaifotokoza pa chifukwa chimodzi. M'dziko limene lija mawu oti “dola” akhala akutanthauza zinthu zosiyanasiyana, kotero kuti wina akakuuzani mtengo, kaya wa basi, wa nsima kapena wa chipinda chogona, musanapise m'thumba funsani: dola yake iti? Musachite manyazi. Safunsa anadya phula.

Ndalama yomwe anthu kumeneko amaikhulupirira ndi dola ya ku Amereka, ndiye nyamulani imeneyo. Koma muinyamule ya mapepala ang'onoang'ono, a 1, a 5 ndi a 10, chifukwa vuto lalikulu ndi chenji. Mukapereka pepala la 50 pogula botolo la madzi, wogulitsa angakubwezereni ZiG pa mtengo womwe waganiza yekha, kapena angakuuzeni kuti muonjezere katundu yemwe simunamufune. Panali nthawi ina m'masitolo ankapereka maswiti m'malo mwa chenji. Mapepala anu akhale osang'ambika, ndipo a 100 akhale atsopano, poti akalekale ena amawakana. Randi nayo imathandiza, makamaka ku Bulawayo ndi cha ku Beitbridge. ZiG mukailandira, idyeni komweko. Musabwere nayo kuno, palibe adzakusinthireni ku Limbe. Kwacha yathu nayonso ikangodutsa malire a Mwanza imasanduka mlendo wosadziwika.

Mundifunsa kuti madolawo tiwapeze kuti, poti kuno komwe akusowa. Funso ndi loona. Njira ya lamulo ndi ku banki kapena ku malo ovomerezeka osinthira ndalama, mutanyamula pasipoti ndi tikiti yanu, ndipo yambani kuyendera msanga, osati mawa lake mukunyamuka. Lisiti lomwe akupatseni lisungeni pamodzi ndi pasipoti, chifukwa pachipata akakupezani ndi ndalama zakunja zopanda umboni angakulandeni, ulendo n'kuthera pomwepo.

Za anyamata osintha ndalama m'misewu ndi m'malire ndinenepo zomwe zinandichitikira ine. Tsiku lina pamalire ena, basi ikuliza hutala, mnyamata wina anandipatsa mtengo wokoma zedi. Anawerenga mapepala pamaso panga, ine ndikuona, nawapinda n'kundipatsa. Nditakhala pampando kuti ndiwerengenso, ndinapeza kuti ena anawapinda pakati kuti awerengeke kawiri, ndipo mkati munali mapepala akale omwe anasiya kugwira ntchito. Kukadandaula kwa ndani? Malondawo ndi oletsedwa, ndiye wosinthitsa ndi wosintha nonse muli pamlandu. Mu 2024, ZiG itangotuluka, apolisi ku Harare anagwira osintha ndalama ambiri m'misewu. Mlendo wopezeka pakati pa zoterezi alibe womulankhulira.

Tisawaseke anzathuwa. Kwacha yathu inabadwa mu 1971, makwacha awiri akufanana ndi paundi imodzi, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Boma likamawononga ndalama zomwe lilibe, popanda nyumba ya malamulo kapena nyuzipepala yolifunsa, wolipira amakhala mayi wa geni ndi mkulu wa penshoni. Ena a ife tinathawa m'dziko muno chifukwa chofunsa mafunso oterewa. Tsopano poti tikhoza kufunsa, aphungu athu tiziwafunsa za bajeti.

Chotsala ndi kanyamulidwe. Musaike ndalama zonse malo amodzi. Za panjira zikhale m'thumba lapafupi, zambirizo mkati mwa zovala, ndipo musamazitulutse pagulu pa Roadport ku Harare. Amene muli ndi khadi la banki, funsani kaye kuti makinawo adula ndalama yanji musanalowetse nambala yanu. Ndipo amene mukupitirira ku Joni, patulani marandi pang'ono musanafike pa Beitbridge, poti pamenepo mukhoza kukhala pamzere maola ambiri, ndipo madzi ndi chakudya mudzagula ndithu.