Mau a Komiti pa Msonkhano wa Caka: Za Mtsempha Wophulika m'Mutu



Nchito yathu ndiyo kuika maliro, koma lero tifuna kukamba za nthenda imene ikadatilanda m'bale wathu wina caka cino.

Nthawi zina mtsempha wa mwazi wa mu ubongo utupa pamalo pamodzi monga cubu ca njinga. Madotolo acha cotupaco aneurysm. Cikaphulika, munthu amva mutu woopsa mwadzidzidzi, umene sanaumvepo cibadwire. Ku cipatala atseka pophulikapo ndi kacitsulo kopanira, kapena ndi timawaya tofewa. Wodwala ayamba kulankhula ndi kudya, ndipo ife acibale tiyamba kufunsa za tikiti ya basi ya kumudzi. Pamenepo ndiye tilakwa.

Mwazi wotayika uja utsalira mozinga ubongo, nucititsa mitsempha yina kufinyika, kotero kuti mwazi wabwino sudutsa mokwanira. Kawirikawiri izi zicitika kuyambira tsiku la 3 kufikira la 14, makamaka sabata loyamba likatha. Ndico cifukwa cace wodwala amwa nimodipine maora 4 ali onse kwa masiku 21, ngakhale usiku.

Mitsempha ikafinyikabe, madotolo ayamba akweza mphamvu ya mwazi. Zikakanika, alowetsa kapaipi kakang'ono kwambiri mu mtsempha wa m'mphecepece kapena wa pa dzanja, nakakankha pang'onopang'ono kufikira m'mutu, alikuyang'ana pa X-ray. Mutu saung'amba ai. Atafika, athira mankhwala ofewetsa mtsempha, monga verapamil kapena milrinone, koma mphamvu yace siikhalitsa, ndipo mwina abwereza mawa lace. Njira yina ndiyo kufufumitsa kabaluni m'kati mwa mtsempha kuti utanuke. Dotolo Zubkov ndi anzace a ku Leningrad anailongosola m'caka ca 1984. Imeneyi ikhalitsa, koma mtsempha ungathe kung'ambika, cotero saicita wamba.

M'bale wathu uja anapulumuka cifukwa mkazi wace anaona pa tsiku la 8 kuti supuni ilikugwa m'dzanja lace, nauza anamwino pomwepo.

Tsono tipempha izi. Mukakazonda wodwala wotere, muone ngati alikusinza kopambana, kusokoneza mau, kapena kufoka mkono kapena mwendo. Musati ndi kutopa, nenani. Wacibale wosaina mapepala asazime foni usiku, pakuti madotolo akafuna cilolezo sangadikire kuca. Ndipo wina asagule tikiti dotolo asanalole. Ngati cobvuta ndi ndalama yoyendera ku cipatala masabata atatuwo, onanani ndi Msungicuma tikaweruka pano.