Buku la ndalama lisagone m'thumba la tcheyamani



Inu amene mwamaliza maphunziro lero mukubwerera kukatsogolera makopaletivi ndi timabizinesi ta kumudzi. Musanapite, yang'anani khalidwe la malo ano. Brother Paul Desmarais atayamba sukulu ya ulimi ino ya Kasisi mu 1974, ankaphunzitsa za feteleza ndi mankhwala monga wina aliyense nthawi imeneyo. Itaona alimi akumira m'nkhongole, Kasisi inatembenuka m'zaka za m'ma 1990 n'kuyamba kuphunzitsa manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu. Mabungwe amene akuluakulu ake amavomera poyera kuti analakwitsa ndi owerengeka.

Ambirife tinakulira m'chizolowezi china. Mu 1968 ku Mulungushi, a Kaunda analengeza kuti boma litenga 51 peresenti ya makampani akuluakulu, ndipo mamanijala a INDECO, bungwe la boma loyang'anira makampaniwo, anaphunzira kudikira mawu ochokera kumwamba. Makampaniwo anayamba kugulitsidwa boma litakhazikitsa lamulo la 1992, koma kudikira bwana kunatsala nafe. Kunangokwatirana ndi ulemu wathu wa kumudzi, woti mwana satsutsa wamkulu pagulu.

Ndinakhalapo mlembi wa kopaletivi ina, dzina sinditchula. Matumba a feteleza ankafika operewera chaka ndi chaka, ndipo tonse tinkadziwa kumene ankalowera. Koma tcheyamani anali malume a theka la mamembala. Pamsonkhano aliyense ankati zili bwino. Madandaulo ankayambira panjira, pobwerera kunyumba. Inenso, cholembera chili m'manja, ndinakhala chete. Kopaletiviyo inafa tikuomberana m'manja.

Musandimve molakwa, sindikunyoza mwambo wathu. Pitani ku Soweto Market mukaone amayi a chilimba. Alibe loya, ena alibe ngakhale kope, koma ndalama zimazungulira bwinobwino, chifukwa aliyense amadziwa amene waponya ndi amene alandire sabata ino. Palibe chobisika, ndiye palibe wakuba. Kutseka golosale tsiku la maliro, kubwereketsa ngolo kwa wamasiye, zimenezo ndi zathu, zisungeni. Chibale ndi fupa, inde. Koma mlamu wanu akatenga thumba la soya kuti adzalipira akakolola, lilembedwe m'buku iye akuona. Wogula wa ku Shoprite sadzakufunsani kuti ndinu mphwake wa yani. Adzafunsa makilo ndi tsiku lobweretsa katundu.

Pempho langa ndi limodzi. Pamsonkhano woyamba mukafika kwanu, tulutsani buku la ndalama, muliike patebulo, mupatse membala wamng'ono kuposa onse aliwerenge mokweza, a tcheyamani atakhala pomwepo. Akafunsa funso, mumuyankhe musanamufunse kuti ndi mwana wa yani.