Malonda a Sola Amayenda ndi Kukhulupirika



Midzi yambiri sinafikidwebe ndi mawaya a ESCOM, ndipo mabanja amathera ndalama ku mabatire a tochi ndi kutchajitsa foni kumsika. Apa ndi pamene pagona malonda a sola. Komabe mlimi amagwira ndalama akakolola, osati mwezi uliwonse. N'chifukwa chake makampani monga Yellow ndi Zuwa Energy amalola kulipira pang'onopang'ono kudzera pa foni, ngakhale kuti wolephera kulipira nyale zake zimazima.

Wachinyamata wofuna malondawa agulitse katundu wodalirika, apereke lisiti, ndipo azibwerera kukakonza zikawonongeka. Batire limodzi lachinyengo limatseka msika wa mudzi wonse. Wogula nayenso adzifunse asanasaine: mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma, ngongoleyi adzailipira ndi chiyani?